Khoma Lolira la pa Kamwala

Mudzi wa Kamwala,
Malomo,
Ntchisi.

21 Januwale, 2024.

Okondedwa alongo anga a Debora,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Zithunzi munatumiza Lachitatu zija ndaziona, galimoto yanu itakwiririka ndi sinowo mpaka m'magalasi, ndipo ndathokoza Mulungu kuti Rejoice anasankha kukwatiwa mu Juni, chifukwa ukwati wa mwana wanuyo ukanakhala mwezi uno bwenzi malume ake atabwerera kuno ali m'bokosi. Kuno tili bwino. Mvula ikugwa mosatopa, chimanga cha kuseri kwa phiri chafika m'chiuno, ndipo mlamu wanu Lenia watsala pang'ono kumaliza kubandira.

Mudabwa kuti munthu amene mumalankhula naye pa foni Lamulungu lililonse wayamba liti kulemba makalata ngati wa ku Joni. Vuto ndinu. Pa foni simupatsa mnzanu mpata. Ndikangoti "alongo", inu mwafunsa kale ngati ndikumwa mankhwala, ngati ndachepetsa shuga mu tiyi, kenako foni yaduka. Nkhani ndili nayoyi ndi yofuna kuti munthu aiyambe n'kuimaliza popanda nesi womudula pakamwa. Ndiye ndapempha a Frank a ku Bowe, oyandikana nanu aja, omwe akubwerera kwanuko Lachinayi, kuti anditengereko mapepalawa. Muwerenge mutakhala pansi.

Choyamba ndithokoze, chifukwa pa bwalo la ndege ndinangoti "zikomo" wamba ngati munthu wopatsidwa madzi akumwa. Mukanatha kupeza m'Malawi aliyense wa kumeneko, kumuveka jekete n'kumuimika kuti ndiye malume, monga ndamva kuti ena amachitira. Koma inu munati mwana wanu sakwatiwa mwini mbumba ali ku Malomo, ndipo munavutika ndi mapepala miyezi isanu ndi umodzi mpaka ine Reinford, wa manja okhakhala ndi simenti, ndinakwera ndege n'kukapereka mwana wa mlongo wanga mwamwambo wake. Zimenezo sindidzaiwala. Koma chimene ndikuthokoza kwambiri m'kalata ino si ukwatiwo ayi. Ndi tsiku lija Lachiwiri, lomwe munandiyendetsa wapansi mzinda wanu wa Dubuque ine ndikudandaula njira yonse.

Mukukumbukira kuti ine ndinkafuna kupita ku Chicago kukaona nyumba zagalasi zitalizitali zija timaona pa kanema, kuti ndidzakhale ndi chowauza amisiri anzanga kuno. Inu munati ayi, mmisiri ayambe waona zakale. Ndiye munandionetsa khoti la denga lagolide lija, wotchi yaikulu yoima pakati pa tauni, ndi nsanja ya kumtsinje yomwe munati kale ankadonthezeramo mtovu wosungunuka kuchokera pamwamba kuti ukafike pansi uli zipolopolo. Munandikweza kangolo kokokedwa ndi chingwe kokwera phiri, ine nditagwira mpando ndi manja awiri, inu mukuseka kuti munthu wa ku Ntchisi akuopa chitunda. Pamwamba paja ndinaona Mississippi, ndipo ndivomere kuti ndinadabwa, poti ine mtsinje waukulu ndinkati ndi Bua. Koma titatsika n'kuyamba kuzungulira mafakitale akale a zitseko ndi mawindo omwe anawasandutsa nyumba zogona anthu, nsapato za ukwati zija zinali zitandiluma zala, ndipo ndinakufunsani ngati ndinawolokera nyanja kudzaona njerwa zoti ku Malomo ziliponso.

Ndi pamenepo pomwe tinapeza mayi uja wa chipewa chachikasu, ali pa thandala la zitsulo pambali pa nyumba ina yakale, m'kanjira kotsikira kumtsinje. Anali ndi tchizulo ndi kahamala, akugoba simenti m'mizere ya njerwa pang'onopang'ono ngati akuchotsa minga ya nsomba. Ine ndinaima chifukwa ndinaona ngati akuwononga. Simenti yabwinobwino, yolimba, munthu n'kumaichotsa? Chingerezi changa cha Sitandade 8 chinathera panjira poti anthu a kwanuko amalankhulira m'mphuno, ndiye munalowapo ndinu kumasulira.

Mayiyo anatsika, n'kundipatsa chidutswa cha njerwa m'manja kuti ndifinye. Chinanyenyeka ngati chigumu chogonetsa. Anati njerwa zakale n'zofewa, zimamwa madzi mvula ikagwa n'kuwatulutsanso dzuwa likawala, ndipo laimu amene akale ankamangira amalola madziwo kutuluka. Ndiye m'nthawi ya bambo ake kunabwera amisiri ena omwe anati nyumbayo ailimbitse, n'kuika simenti. Madzi ankalowabe, kuchokera pansi ndi m'ming'alu, koma potulukira panalibe, ndipo njerwa zinayamba kuwola kuseri kwa simenti yooneka bwino ija. Anagogoda khoma malo awiri kuti ndimve kusiyana kwake. Pena linalira ngati mwala, pena ngati ng'oma yong'ambika. Atatero anati, malinga ndi kumasulira kwanu, "Amene anachita zimenezi sanali munthu woipa. Nyumbayi ankaikonda, koma sanafunse."

Kenako anafunsa ngati kwathu kuli nyumba zakale. Inu mwachangu chanu chija munayamba kundinyadira, kuti mlongo wanuyu ndi amene anakonza tchalitchi cha kwathu cha 1938, ndipo munafika pa mawu oti "anachimata" n'kuima pomwepo. Munandiyang'ana kamodzi, n'kuyamba kumufunsa mayiyo za ana ake. Mpaka lero sindidziwa ngati munazindikira kapena mawu a Chingerezi anangokuthawani. Ine ndinati m'mimba mwandipota chifukwa cha tchizi cha pa ukwati, tibwerere kunyumba. Munandipatsa mapiritsi awiri ndipo ndinamwa, koma m'mimbamo munalibe vuto lililonse, alongo.

Tsopano ndikuuzeni zomwe ndakhala ndikubisa. Tchalitchi chathu cha pa Kamwala mukuchidziwa, cha mawindo opindika pamwamba opanda chitsulo ngakhale chimodzi, chomwe agogo athu aakazi anasenzera njerwa zake pamutu kuchokera kudambo. Mpaka lero munthu wokwera minibasi amangoti anditsitse pa tchalitchi, ndipo kondakitala safunsa kuti chiti. Mukudziwanso kuti mu 2009 ndinachimata pulasitala wa simenti kunja konse, kuyambira pansi mpaka m'malata, n'kupaka penti wamafuta. Theka la simentiyo munagula ndinu, ndipo dzina lanu linawerengedwa pa gome anthu n'kuomba m'manja. Chimene simudziwa n'chakuti a Yeremiya anakana.

A Yeremiya omwewo, mnzawo wa malemu bambo, omwe anakukwezani pa njinga ndi sutikesi yanu kupita nanu ku sekondale bambo atatisiya, omwenso anandigwiritsa ine mpeni womangira koyamba. Kwa zaka makumi atatu, anthu akangokolola, iwo ankasonkhanitsa mpingo kudzatseka mizere ya njerwa ndi laimu wosakaniza ndi mchenga, n'kupaka njereza. Inali ntchito ya chaka ndi chaka, ndipo anthu anali atatopa nayo. Ine nthawi imeneyo ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku Lilongwe komwe ndinkamanga nyumba za mabwana, mapewa ali m'mwamba. Ndinauza akulu ampingo kuti simenti ndi kamodzi n'kamodzi, ana athu sadzagwiranso njereza. A Yeremiya anaimirira n'kunena kuti khoma limenelo limapuma ngati munthu. Anati, "Mukalitseka pakamwa, khomali lidzalira." Ine ndinafunsa pamaso pa onse ngati khomalo limatsokomolanso, ndipo bwalo lonse linafa nacho chiseko. Mwezi womwewo anawachotsa mu komiti ya zomangamanga n'kuikamo ine.

Zaka zisanu zoyamba ndinkayenda ngati tambala. Alendo ochokera ku Dowa ankajambulitsa pa khoma langa. Kenako m'kati, mbali ya kum'mwera komwe kumakhala amayi, penti anayamba kutupa n'kusendeka, pansi pa mawindo panatuluka zoyera ngati mchere, ndipo nthawi ya dzinja madzi ankachita kutsika m'khoma madonthomadontho denga lisakudontha. Fungo la nkhungu silinkatha ngakhale mu Okutobala. Amayi anayamba kukoka mabenchi kuthawa khomalo, ndipo patapita nthawi makoma enawo anatsatira. Ndiye wina anakumbukira mawu aja oti lidzalira.

Anthu a kwathu mukuwadziwa. Ndife Akhristu, za ufiti sitikhulupirira, makamaka abusa akakhala pafupi. Palibe anapita nazo ku bwalo, palibe anawaloza chala a Yeremiya pamaso. Kungoti nthochi zawo pa msika zinasiya kugulidwa, anthu anayamba kulambalala njira ya pakhomo pawo, ndipo pa benchi yomwe iwo akhala m'tchalitchi pankatsala malo a anthu awiri mbali iyi ndi iyi. Mu 2016 anasiya kubwera ku mapemphero. Ine sindinanenepo kuti a Yeremiya analodza khoma. Koma sindinanenenso kuti sanalodze, chifukwa nkhaniyo inkandikomera. Ngati si nkhalamba ija, ndiye kuti ndi ntchito yanga. Ndipo inu nthawi zonse mukafunsa pa foni kuti a Yeremiya ali bwanji, ndinkati ali bwino, akupereka moni. Moni ameneyo ndinkapeka ndekha. Zaka khumi ndi zinayi zinatha ine osaponda pakhomo pawo.

Mu Meyi, ndisananyamuke kubwera kwanuko, bwalo la akulu ampingo linagamula kuti tchalitchicho chigwetsedwe mu Seputembala, pamalo pomwepo pamangidwe chatsopano cha mabuloko. Ena ankati chachepa, zomwe n'zoona, koma ambiri ankangofuna kuti khoma lolira lichoke m'maso. Womanga anasankha ine. Inali ntchito yaikulu kuposa zonse zomwe ndagwirapo, yoti adzukulu adzaloze kuti anamanga ndi agogo. Imeneyi ndiyo nkhani ndinali nayo mumtima pamene mayi uja ankandifinyitsa njerwa.

Nditabwerera mu Julayi, Lolemba lina masana ndinatenga hamala n'kupita ndekha kuseri kwa tchalitchi. Ndinkapemphera kuti njerwa za ku Amereka zikhale zosiyana ndi za ku Ntchisi. Ndinagogoda, ndipo khoma linandiyankha ndi kaliridwe komwe kaja ndinamva kwanuko. Ndinagoba kabowo kokula ngati mbale. Mvula inali itasiya miyezi itatu m'mbuyomo, koma njerwa inatuluka yonyowa, yozizira, ndipo kona yake inanyenyeka m'manja mwanga. Ndinatseka bowolo ndi chidutswa cha lata n'kutsamiritsapo mwala, ndinapita kunyumba, n'kukhala chete masabata atatu.

M'masabata amenewo Satana anandipatsa nzeru zambiri. Ankati tchalitchi chikagwetsedwa umboni upita nacho limodzi, a Yeremiya akalamba kale, ndipo kudzutsa nkhani yogona n'kuputa mavu. Ankatinso ndikanena, inu mudzamva kuti simenti yanu ndi yomwe inawoletsa khoma la agogo. Lenia anaona kuti chakudya chikubwerera, ndipo poyamba ankati ndazolowera tchizi. Nditamuuza zonse tili kumunda kososa, anaika khasu pansi n'kukhala pa mzere kanthawi. Mlamu wanu uja mukumudziwa, sachulutsa gaga m'diwa. Anangoti nayenso analeka kugula nthochi zija, ndiye mlanduwu si wa ine ndekha, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lamulungu loyamba la Ogasiti, mapemphero atatha, mpingo unatsalira kuti ugawane ntchito yogwetsa, mudzi uno malata, mudzi uwo mafelemu. Ine ndinali ndi njerwa ija m'jumbo. Abusa atandiitana kuti ndifotokoze za maziko a chatsopano, ndinaika jumboyo pa tebulo n'kunena kuti, "Abale, khoma ili silinalodzedwe. Ndinalidwalitsa ndine ndi simenti yanga. A Yeremiya ananena zoona, ine ndinawaseka, ndipo mutayamba kuwanena ndinakhala chete chifukwa zinkandipindulira." Kenako ndinafotokoza zonse monga anandifotokozera mayi uja, n'kuyendetsa njerwayo benchi ndi benchi kuti aliyense afinye yekha.

Musaganize kuti anandiombera m'manja. Ena anati Amereka yandizunguza mutu, masabata atatu okha ndabwerako ndi nzeru zokana simenti. Gabriel, yemwe ndinamuphunzitsa ntchito ndekha ndipo pano ali ndi gulu lake la amisiri, anati iye sanaonepo simenti ikuwoletsa chinthu, ndiye ndinamupatsa hamala kuti akagogode. Anapita, anakhalitsako, ndipo atabwera anangokhala pansi. Amene anadula nkhani ndi mayi Modesta, wapampando wa chigwirizano cha amayi, omwe za njerwa sanafunse n'komwe. Iwo anati, "Nanga a Yeremiya aja, tiwatani?" Ndinaona azibambo akuluakulu akuyang'anitsitsa nsapato zawo.

Lachitatu lake tinapita kwa a Yeremiya atatu, abusa, mayi Modesta ndi ine. Tinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala akusema mpini. Akalamba, alongo, diso lakumanzere lachita ng'ala, koma mawu anga anawazindikira ndisanamalize kupereka moni. Ndinagwada pa dothi n'kunena zonse, iwo akusemabe mpaka ndinamaliza. Kenako anati pa maliro a akazi awo, mu 2019, amayi a chigwirizano anaimba nyimbo ziwiri zokha n'kubalalika, munthu woti anatumikira chigwirizanocho zaka makumi anayi. Mayi Modesta analira. Ine pa maliropo sindinapite, ndinati ndili ndi ntchito ku Mponela, ndipo inu ndinakuuzani kuti mwambo unayenda bwino. Chimenecho palibe laimu angachikonze, ndipo ndikupempha kuti mundikhululukire.

Za kupepesa kwanga a Yeremiya sanayankhe kuti inde kapena ayi. Anaika kasemasema pansi n'kundifunsa kuti bowolo ndaboola mbali iti, ndipo lili patali bwanji kuchokera pansi. Nditawauza anapukusa mutu, nati ngakhale kuboola sindidziwa. Anati tiyambe kuchotsa simenti pansi penipeni mpaka m'chiuno, tilisiye khoma liume mwezi wathunthu osaligwira, tikumbenso ngalande yomwe ine ndinaikwirira pomanga khonde. Abusa anawapempha kuti akanene zimenezo ku bwalo la akulu ampingo, koma anakana, nati ku bwaloko anakanena kale mu 2009. Ndiye ndinakanena ndine, ndipo akuluakuluwo anavomera monyinyirika kuimitsa zogwetsa mpaka Januwale. Anatipatsa khoma limodzi, la kum'mwera lija, kuti mvula ikhale mboni.

Kuchotsa simenti yako yomwe n'chilango chabwino kwa munthu wonyada. Ndinaimata bwino zedi, moti inkachoka ndi nkhope ya njerwa, ndipo tsiku lililonse ndinkamunyoza chamumtima mmisiri wa 2009 uja. Sabata yachiwiri, m'mawa wina, ndinangoona a Yeremiya akubwera ndi ndodo, mayi Modesta ali pambuyo atawanyamulira mpando. Anakhala pamthunzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinabwerera kukhala wophunzira imvi zili mbuu. Laimu tinkamunyika mu mgolo masiku angapo, mchenga wa kumtsinje tinkachita kusefa, ndipo chilichonse chomwe ndasakaniza ankayamba achitikita pakati pa zala. Kanayi konse ananditayitsa wilibala yathunthu. Njerwa zowola kwambiri tinazisintha ndi za m'bwinja la nyumba ya aphunzitsi, chifukwa anati zatsopano n'zouma mtima, sizingagwirizane ndi zinzake. Tikamaliza mzere tinkaphimba ndi ziguduli za fodya zonyowa kuti dzuwa lisaumitse msanga. Ndinawauza za mayi wa chipewa chachikasu ndi zomwe anandionetsa, ndipo anati ndiye kuti ku Amereka kulinso anthu anzeru.

Anthu ankabwera kudzaonerera, poyamba chapatali, kenako ena n'kumatitungira madzi. Nthochi zinayambanso kugulidwa, mwina mopitirira, moti a Yeremiya anandiuza kuti anthu a pa Kamwala amapepesa m'kamwa muli nthochi. Sindikunena kuti zonse zatha. Alipo ena mpaka pano amati nkhalambayo yangomasula zomwe inamanga yokha. Otere ndimangowapatsa hamala kuti akagogode makoma atatu otsalawo.

Mvula inayamba kumapeto kwa Novembala ndipo yamenya khoma lija pafupifupi miyezi iwiri. Likanyowa kunja, dzuwa likangowala tsiku limodzi lauma. M'kati mukadali zipsera, ndipo a Yeremiya akuti kuti liumiretu papita zaka ziwiri, koma dontho silinatsikepo, pomwe khoma la kumpoto, la simenti yanga, likulira monga mwa masiku onse. Dzulo akulu ampingo anayendera makoma onse akusisita ndi manja awo, n'kugamula kuti tchalitchi cha agogo sichigwetsedwa. Chatsopano chimangidwa pambali, pomwe panali bwalo la mpira, ndipo chakalechi chikhala cha Sande sukulu, chigwirizano ndi maukwati a amene angafune. Womanga chatsopano ndi Gabriel. Ine andipatsa makoma atatu aja kuti ndichotse zomwe ndinaika, ntchito yongodzipereka.

Ndinganame nditati sizinandipweteke. Pobwerera kunyumba ndinadzera njira yaitali ya kudambo kuti Lenia asandione nkhope msanga. Koma lero m'mawa a Yeremiya alowa m'tchalitchi koyamba patatha zaka zoposa zisanu ndi ziwiri, atavala jekete lawo lakuda lakale lija. Sanapite kumbali ya abambo. Anakhala kumapeto kwa benchi ya amayi, pomwe ankakhala akazi awo, n'kutsamira khoma la kum'mwera mapemphero onse. Palibe mayi anasuntha. Potuluka ndinali pambuyo pawo, ndipo ndinaona msana wa jekete uli mbuu ndi njereza, koma wouma.

Ndiye alongo, zikomo pondiyendetsa tsiku lija mpaka matuza. Zikomonso poima pakati pa mawu pamaso pa mlendo, ngati munachita dala. Ngati simunachite dala, musandiuze. Simenti yanu ija munapereka ndi mtima woyera, wolakwa ndi amene anaipempha, ndipo zidutswa zake tikuthira m'maenje a msewu wotsikira kuchigayo komwe zikugwira ntchito yabwino. Ndili ndi pempho limodzi. Sinowo ikasungunuka mupite m'kanjira kaja mukamufunefune mayi uja. Dzina lake sindinafunse, matenda anga omwe aja. Mukamuuze kuti ku mapiri a Ntchisi kuli nyumba yopemphereramo yomwe yapulumuka chifukwa iye anasiya ntchito yake n'kutsika kudzalankhula ndi mlendo.

Mupereke moni kwa alamu, kwa Rejoice ndi mwamuna wake, muwauze kuti malume akudikira nkhani yabwino. Lenia akuti moni, ndipo nsinjiro zomwe wapatsira a Frank musagawire mzinda wonse monga munachitira ulendo wapita. Mayi Modesta nawonso akupereka moni. Masana ano ndinapita ndi mapepalawa kwa a Yeremiya kukawauza kuti ndikukulemberani, ndipo ndinawaululira kuti zaka zonsezi mwakhala mukuwafunsa, ine n'kumayankha m'malo mwawo. Kenako anaitanitsa cholembera, nati moni wawo sangapatsirenso ine. Alemba okha pansipa, nkhope ili pafupi ndi pepala, ndipo zawatengera nthawi. Mizere yakhota, koma muwerenga.

Ndine mlongo wanu,
Reinford

Debora mwana wanga, ndili moyo. Khoma lauma. Ubwere ndidzakuone, diso limodzi likadalipo.
Yeremiya